Fumbi la kuntchito ndi mapapo anu: mmene mungapimire chiopsezo n'kuchichepetsa

Kuno ku Chipata, komanso ku Katete, Petauke, Lundazi ndi m'maboma ena a chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia, ambiri timapeza chakudya kudzera m'ntchito za fumbi ndi utsi. Wina amaphwanya miyala m'mbali mwa msewu, wina amagayitsa pachigayo, wina ali m'fakitale ya thonje, wina amawotcha makala, wina amawotcherera mageti ndi mafelemu. Ntchito zimenezi ndi zimene zikuphunzitsa ana, ndipo palibe amene akunena kuti muzisiye. Vuto ndi lakuti matenda a m'mapapo amene zimabweretsa amachedwa kuonekera. Nyundo ikakuphwanyani chala mumadziwa pomwepo, koma fumbi likamakuwonongani m'chifuwa mumadzazindikira patapita zaka 10 kapena 20, mwinanso mutasiya kale ntchitoyo, ndipo zipsera zake sizichoka. Chakudza sichiimba ng'oma. Choncho nthawi yopima chiopsezo chanu ndi ino, mukadali ndi mphamvu, chifuwa chisanayambe.

Choyamba: dziwani fumbi kapena utsi umene mumapuma

Fumbi silofanana. Lina limangoyetsemulitsa, lina likalowa m'mapapo silitulukanso. Ganizirani tsiku lanu lantchito kuyambira m'mawa mpaka poweruka, n'kutchula chilichonse chimene chimauluka, kufuka kapena kununkha.

Loopsa kuposa lonse pa ntchito zathu kuno ndi fumbi la miyala yokhala ndi silika. Mwala wa granite, umene ambiri amaphwanya kuti agulitse kwa omanga nyumba, umakhala ndi silika pakati pa 20 ndi 45 peresenti. Mwala woyera uja wa quartz ndiye pafupifupi wonse ndi silika, ndipo ndi umene amaboola anthu ofuna aquamarine ndi tourmaline ku Lundazi, komanso okumba golide cha ku Petauke ndi ku Vubwi. Silika alinso mumchenga, m'konkire, m'mabuloko ndi m'matailosi. Choncho mmisiri wodula buloko ndi grinder, ndi munthu wokumba chitsime akafika pathanthwe, ali m'gulu limodzi ndi wa kumgodi.

Taonani mayi wophwanya miyala. Wakhala pansi, miyendo watambasula, mwala waukola ndi kalamba kodula kutayala kuti usathawe, ndipo nyundo ikugwera pafupi ndi nkhope yake. Pofika masana nsidze zayera, akamina mukutuluka dothi. Fumbi looneka ndi maso limeneli si limene limapha, chifukwa mphuno ndi kukhosi zimaligwira. Lakupha ndi lija losaoneka, la tinthu tosakwana mamaikiromita 5, pamene tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake ndi mamaikiromita 50 mpaka 70. Tinthu timeneti timatsika mpaka m'timatumba ta mpweya ta m'kati mwenimweni mwa mapapo. Kumeneko kuli maselo amene ntchito yawo ndi kumeza zinyalala ndi tizilombo. Akameza silika amafa, silikayo n'kutsala, ena n'kubwera kudzamumezanso, nawonso n'kufa. Pamalopo pamapangika chipsera, ndipo zipsera zikachuluka mapapo amauma, satamukanso bwino. Amenewa ndi matenda a silicosis. Kawirikawiri amaonekera munthu atagwira ntchito ya fumbi zaka 10 kapena kuposa, koma pamene fumbi ndi lambiri zedi, monga m'dzenje lopanda mpweya momwe akuboola mwala wouma, amatha kubwera pa zaka 5, ngakhale kucheperapo. Alibe mankhwala ochiritsa, ndipo amatha kupitirira kukula ngakhale munthu atasiya ntchito.

Fumbi la mbewu lili ndi njira yakeyake. La thonje, makamaka pomasula mabelo ndi pamakina ochotsa njere, limayambitsa matenda otchedwa byssinosis. Chizindikiro chake n'chodziwika: chifuwa chimathina Lolemba, tsiku loyamba munthu atapumako, kenaka chimamasuka sabata ikamapita. Zaka zikamadutsa kuthinako kumafika Lachiwiri, Lachitatu, mpaka kumangokhala masiku onse. Fumbi la ufa ndi gaga pachigayo, la potong'ola chimanga ndi makina, la popeta ndi la posenda nshawa limabweretsa mphumu ndi chifuwa chamgonagona. Utuchi nawonso, makamaka wa mitengo yolimba monga mlombwa, umayambitsa mphumu, ndipo kwa amene aupuma zaka zambiri umawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mphuno.

Pali china chimene alimi ambiri sachidziwa. Mukatsegula nkhokwe kapena masaka a chimanga chochita chuku, kapena mukasankha fodya wonyowerera m'chigafa chotsekeka, kapena mukapala zitosi zouma m'khola la nkhuku kapena la nkhunda, mukhoza kuweruka muli bwinobwino. Pakatha maola 4 mpaka 8 thupi limatentha, mumanjenjemera, mfundo zimaphwanya, chifuwa chouma chimayamba. Aliyense pakhomo anena kuti ndi malungo. Mukakayezetsa malungo osapezeka, ndipo zikabwereranso tsiku lina mutagwira ntchito yomweyo, dziwani kuti ndi mapapo akulimbana ndi chuku. Zikamachitika kawirikawiri zimasiya zipsera.

Tsopano utsi ndi nthunzi. Owotcha makala ndi njerwa, osonkhezera moto m'mabalani a fodya, ndi amayi ophika nsima yogulitsa m'tinyumba ta pamsika monga pa Kapata, amapuma utsi wa nkhuni umene m'kupita kwa zaka umapanikiza njira za mpweya mpaka kalekale. Wowotcherera amapuma utsi wa zitsulo. Akawotcherera malata kapena mapaipi okutidwa ndi zinki, usiku wake amatha kumva ngati malungo, m'kamwa mukumveka chitsulo. Bungwe la IARC, la pansi pa World Health Organization, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2012, ndipo utsi wa kuwotcherera linauika m'gulu lomwelo mu 2017. Wopopera penti ya magalimoto yosakaniza ndi hardener (mankhwala olimbitsa penti) amapuma mankhwala otchedwa isocyanates, amene ndi amodzi mwa oyambitsa mphumu ya kuntchito kwambiri padziko lonse. Wowotcha golide wosakaniza ndi mercury amapuma nthunzi yotha kutupitsa mapapo tsiku lomwelo, osanenanso za ubongo ndi impso. Mapiritsi aja oika m'masaka a chimanga kuti aphe anankafumbwe amatulutsa mpweya wa phosphine, umene wapha anthu ali m'tulo.

Chomaliza m'gululi ndi asbestos, madenga otuwa aja a nyumba zakale za boma, masukulu ndi zipatala. Akangokhala padenga osasweka, chiopsezo n'chochepa. Mukawadula, kuwaboola kapena kuwaphwanya, amatulutsa timaulusi timene timayambitsa khansa ya m'mapapo ndi ya kachikopa kokuta mapapo patapita zaka 20 mpaka 50.

Chachiwiri: werengani kuchuluka kwake

Mukadziwa mtundu wa fumbi, funso lotsatira ndi lakuti mwapuma lochuluka bwanji. Tengani pepala, mulembe ntchito iliyonse ya fumbi imene munagwirapo, chaka chimene munayamba, chimene munasiya, ndi maola a patsiku. Musaiwale maganyu a ubwana, kapena zaka zija munali ku Copperbelt. Mapapo amasunga zonse pamodzi, sasiyanitsa za bwana uyu ndi za bwana uja. Fumbi lili ngati kaloba: mumatenga pang'onopang'ono osamva kulemera, koma mwini wake podzakulondolani amabwera ndi chiwongoladzanja cha zaka zonse.

Pambali pa ntchito iliyonse lembani malo ake. Kudula buloko panja mphepo ikuwomba n'kosiyana kwambiri ndi kulidula m'bafa lotseka zitseko. M'chipinda chopanda mawindo fumbi losaoneka lija limayandama maola ambiri ntchito itatha, ndiye ngakhale pamene mwakhala pansi kudya nkhomaliro m'menemo mukupumabe. M'dzenje la mgodi ndi m'chitsime ndiye zimaposa.

Mphamvu ya ntchitoyo nayo ilowe m'chiwerengero. Munthu akangokhala amakoka mpweya wokwana malita 6 mpaka 8 pa mphindi. Akamamenya mwala ndi nyundo yaikulu kapena kusenza masaka amatha kupyola malita 40, ndipo amapumira pakamwa, kumene kulibe ubweya wosefa ngati m'mphuno. Choncho anthu awiri ali pamalo amodzi, wina akulemba malisiti wina akusenza, sapuma fumbi lofanana. Nyengo ya Ogasiti mpaka Okutobala, pamene kwauma ndipo ntchito yotong'ola, yogaya ndi yomanga ili pachimake, ndi imene fumbi limachuluka kwambiri.

Kenaka funani mphindi zoipitsitsa za tsiku lanu. Nthawi zambiri si ntchito yaikulu, ndi tintchito tating'ono: kukung'untha masaka a simenti kapena a ufa, kusesa pouma poweruka, kuchotsa fumbi pazovala ndi mpweya wa kompuresa, kupakira miyala yophwanya m'lole ndi fosholo. Mphindi 15 za kusesa pouma zikhoza kukupatsani fumbi loposa la maola angapo a ntchito ina.

Pomaliza pagawoli, yang'anani amene ali pafupi nanu. Mwana ali kumbuyo kwa mayi wophwanya miyala, mphuno yake ili pamtunda womwewo ndi ya mayi ake, ndipo amapuma mofulumira kuposa wamkulu. Mnyamata wothandizira amene amagwira chitsulo pamene bwana akuwotcherera, nthawi zambiri ndi amene utsi umalunjika. Ndipo amene amakung'untha ndi kuchapa ovolosi kunyumba amapuma fumbi la ntchito imene sanaigwire.

Chachitatu: onjezani katundu amene mapapo anu asenza kale

Anthu awiri akhoza kugwira ntchito imodzi zaka zofanana, wina n'kudwala wina ayi. Kawirikawiri kusiyana kwake kuli pa zinthu izi.

Fodya. M'njira za mpweya muli tiubweya timene timakankhira fumbi kunja pamodzi ndi makhololo. Utsi wa fodya umatifooketsa, ndiye fumbi la kuntchito limakhalitsa m'kati. Kwa munthu amene anapumapo asbestos, kusuta sikungowonjezera chiopsezo cha khansa, kumachichulukitsa. Wopichira pamanja ndi wa m'paketi, onse ndi chimodzimodzi. Pa zinthu zonse zimene zili m'manja mwanu nokha, kusiya fodya ndi chimene chingakupindulireni kwambiri, ndipo phindu lake limayamba ngakhale mwasuta zaka zambiri.

Chifuwa chachikulu cha TB. Maselo aja amene silika amawapha ndi omwewo amene amalimbana ndi tizilombo ta TB. N'chifukwa chake munthu wodwala silicosis chiopsezo chake chodwala TB chimakwera pafupifupi katatu kapena kuposa, ndipo ngakhale amene anangopuma silika zaka zambiri osafika podwala silicosis, chiopsezo chake chimakhala chokwera. Pakakhalanso HIV, ziwirizi zimachulukitsana. Ngati muli pa ntchito ya miyala, dziwani mmene magazi anu alili, ndipo ngati muli pa ma ARV musadumphitse. Amene munadwalapo TB n'kuchira, mapapo anu ali kale ndi zipsera, choncho pogawana ntchito pemphani mbali yopanda fumbi lambiri.

Mphumu, kapena mtundu wa kwanu wa anthu oyetsemula ndi otuluka ziwengo, zimapangitsa kuti fumbi la ufa, la nkhuku ndi la mbewu likugwireni msanga. Koma penti ya hardener sisankha, imagwira ngakhale munthu amene kwawo kulibe mphumu. Msinkhu nawo ndi nkhani: mapapo amapitirira kukhwima mpaka munthu atapyola zaka 20, ndiye mwana woyamba kuphwanya miyala ali ndi zaka 12 amawononga mapapo osakhwima, komanso amakhala ndi zaka zambiri zoti matenda adzamupeze. Ana asamagwire ntchito zimenezi, ngakhale pa holide. Ndipo musaiwale utsi wa kunyumba. Munthu wopuma fumbi masana, madzulo n'kukakhala m'khitchini yodzaza utsi, mu Juni ndi Julayi n'kugona ndi mbaula m'nyumba, mapapo ake sapumako. Mbaula m'chipinda chotseka imaphanso usiku umodzi.

Chachinayi: thanani ndi fumbi pamene likubadwira

Ambiri akamva za fumbi amathamangira masiki. Masiki ndi yomalizira. Choyamba ndi kuletsa fumbi kuuluka, chifukwa njira imeneyi imateteza aliyense amene ali pamalopo, ndi mwana yemwe.

Madzi ndi amene amathandiza kwambiri. Mwala wonyowa sutulutsa fumbi ngati wouma. Tengani botolo la malita 2, muboole timabowo pachivundikiro ndi msomali, muziwaza mulu umene mukuphwanya, ukauma muwazenso. Madzi ochapira zovala kapena otsukira mbale ndi okwanira, safunika akumwa. Wazaninso mulu musanayambe kupakira. Ndikudziwa kuti mu Okutobala madzi amavuta, koma chidebe chimodzi cha malita 20 chimapita patali ngati mukuwaza osati kukhuthula. Kumgodi, kuboola mwala kuzichitika madzi akuthiridwa pabowo, ndipo mukaphulitsa musathamangire kulowa, dikirani fumbi ndi utsi zituluke. Podula mabuloko ndi matailosi, makina opangidwira kudula ndi madzi ndi abwino koposa. Grinder wamba wa magetsi musamuthire madzi, angakugwireni ndi magetsi. M'malo mwake nyikani bulokolo m'madzi musanalidule, ndipo mudulire panja. Zoyatsa matayala pathanthwe kuti ling'ambike zikuwonjezerani utsi wakuda wa poizoni pamwamba pa fumbi, ndipo utsiwo umakalowa m'nyumba za anansi.

Mphepo ikhale mnzanu. Musanakhale pansi, onani kumene ikuchokera, mukhale moti izidutsa cham'mbali n'kupititsa fumbi kutali ndi nkhope yanu. Musakhale kumunsi kwa mphepo ya mnzanu. Ana akhale kumtunda kwa mphepo, patali, pamthunzi, ndipo amayi ogwira ntchito pamodzi akhoza kumasinthana kuwayang'anira. Wowotcherera aziika mutu pambali pa utsi, osati pamwamba pake, ndipo asanawotcherere apale penti ndi zinki pamalo olumikizawo.

Eni zigayo, apa pali ntchito yanu. Paipi ya utsi wa injini ya dizilo ituluke kunja kwa nyumba, isathere m'kati. Pakhale mawindo kapena mabowo mbali ziwiri zoyang'anana kuti mpweya uzidutsa. Nsalu yaitali ija yogwira ufa ikang'ambika isokedwe tsiku lomwelo, chifukwa ufa umene ukutuluka pamenepo ndi umene ukuyeretsa nsidze za mnyamata wanu, ndiponso ndi ufa wa makasitomala umene ukutayika. Posesa, wazani madzi kaye. Lamulo losesa ponyowa ndi la paliponse: kwa kalipentala, pagalaja, pamalo oumbira mabuloko.

Alimi, yanikani chimanga, nshawa ndi mpendadzuwa mpaka ziumitsitse musanasunge. Masaka okayikitsa atsegulireni panja. Mapiritsi a phosphine ndi a anthu ophunzitsidwa, ndipo asaikidwe m'nyumba yogona anthu, ngakhale m'chipinda choyandikana nacho. Masaka apulasitiki otseka mpweya aja amapha anankafumbwe popanda mankhwala. Popopera mankhwala m'munda wa thonje, poperani m'mawa kusanatenthe, mphepo ikuchotsa nkhunguyo kwa inu. Mercury asawotchedwe m'khitchini kapena pafupi ndi ana, ndipo pakhale chiwiya chotseka chogwira nthunzi yake. Denga la asbestos likafunika kuchotsedwa, linyowetseni, mumasule lathunthu osaswa, ndipo zidutswa zake musazale pabwalo kapena m'njira.

Poweruka vulani zovala zantchito komweko, muziike m'thumba, ndipo pochapa ziyambe zanyikidwa m'madzi, osati kukung'unthidwa. Sambani musananyamule mwana.

Chachisanu: masiki yoyenera, yovalidwa bwino

Chitenje kapena mpango womanga pamphuno umagwira fumbi lalikulu lokha. Masiki yabuluu ija tinazolowera nthawi ya Covid siimata kumaso, mpweya umalowera m'mbali. Ya fumbi ndi yolembedwa N95, FFP2 kapena FFP3. Nsalu ya N95 imasefa 95 peresenti ya tinthu tating'ono, FFP2 imasefa 94, FFP3 imasefa 99, ndipo pa ntchito ya miyala FFP3 ndi imene muyenera kufuna ikamapezeka. Koma ziwerengero zimenezi zimagwira ntchito pokhapokha masiki itamata.

Sankhani ya malamba awiri ozungulira mutu, limodzi pamwamba pa makutu, lina m'khosi. Pindani kachitsulo ka pamphuno ndi zala za manja onse awiri. Kenaka phimbani masikiyo ndi manja, mutulutse mpweya mwamphamvu. Mukamva mpweya ukuthawira m'maso kapena m'masaya, konzaninso. Ndevu, ngakhale zongophukira masiku awiri, zimatsegula mpata, choncho abambo a ntchito za fumbi azimeta. Masiki yotere sichapidwa, madzi amaipha mphamvu. Ikayamba kubanikitsa, ikada m'kati, kapena lamba akatamuka, itayeni. Popuma musaikoloweke pakhosi kapena pamsomali m'chigayo, iikeni m'kathumba koyera. Ndipo kuivula kwa mphindi zochepa fumbi lili tolo, kuti mulankhule kapena musute, kumachotsa phindu lalikulu la tsiku lonse.

Masiki ya fumbi sigwira mpweya wa poizoni. Siteteza ku nthunzi ya penti, ku phosphine, ku mercury, kapena ku mpweya wakupha wa makala. Penti wamba ndi thinner zimafuna masiki ya labala yokhala ndi zosefera zake za nthunzi, zimene zimasinthidwa. Pa penti ya hardener chitetezo chenicheni ndi chipewa cholandira mpweya woyera kudzera m'paipi. Amene alibe chimenechi asapopere m'chipinda chotseka, ndipo asavundukule kumaso atangomaliza, chifukwa nkhungu yosaoneka imakhala ikadali m'malere.

Za mkaka

M'malo ambiri antchito muli chikhulupiriro chakuti mkaka umatsuka fumbi, ndipo mabwana ena amapereka paketi ya mkaka m'malo mwa masiki. Mkaka ndi chakudya chabwino, imwani. Koma umatsikira m'mimba, pamene fumbi lili m'mapapo, ndipo njira zake ndi ziwiri zosiyana. Chibuku kapena kachasu poweruka nazonso sizitsuka kanthu, ndipo mowa wambiri umawonjezera chiopsezo cha TB. Bwana akakupatsani mkaka landirani, koma mufunsebe za madzi, mawindo ndi masiki.

Chachisanu ndi chimodzi: zindikirani zizindikiro, ndipo kuchipatala mukatchule ntchito yanu

Pitani kuchipatala ngati mwatsokomola masabata awiri, ngati mukuonda, kutuluka thukuta usiku kapena kutentha thupi madzulo. Amene ali ndi HIV asadikire masabata awiriwo. Pitaninso ngati mtunda umene munkakwera ndi njinga yosenza makala tsopano mukutsika n'kumakankha, kapena ngati anzanu a msinkhu wanu akukusiyani m'mbuyo poyenda. Befu la silicosis limayamba motero, mwakachetechete, ndipo ambiri amangoti ndi ukalamba. Mukatsokomola magazi, milomo ikada, kapena mukabanika mutapuma mpweya wa mankhwala, pitani tsiku lomwelo ngakhale mutayamba kupezako bwino, chifukwa madzi amatha kudzaza m'mapapo patapita maola.

Ngati m'chifuwa mumalira kapena kuthina, dzifunseni funso limodzi: kodi zimachepa Lamlungu, kapena mukapita kumudzi kwa sabata? Ngati zimachepa mukachoka kuntchito n'kubwerera mukayambiranso, mwina ndi mphumu ya kuntchito. Imeneyi ikadziwika msanga, munthu n'kuchotsedwa pa chimene chikumudwalitsa, imatha kutheratu. Akakakamira zaka, imakhazikika.

Pamzere wautali wa kuchipatala sikawirikawiri kuti mufunsidwe za ntchito, ndiye yambani ndinu. Akakufunsani kuti, "Atate, chavuta n'chiyani?" musangoti chifuwa. Nenani kuti, "Adokotala, ndaphwanya miyala kuyambira chaka chakuti, pouma, popanda masiki, ndipo tsopano ndikubanika ndikamakwera mtunda." Atulutsireni pepala lija munalemba. Zimenezi n'zofunika chifukwa pa X-ray silicosis imafanana ndi TB, ndipo munthu akhoza kupatsidwa mankhwala a TB mobwereza pamene makhololo sakuonetsa tizilombo. Zimathekanso kukhala ndi zonse ziwiri. Pemphani kuyezedwa makhololo pa makina a GeneXpert ndi kujambulidwa pachifuwa, ndipo funsani ngati mungayezedwe mphamvu ya mapapo pouzira m'kachipangizo. Kiliniki ya kwanu ikhoza kukutumizani ku zipatala zazikulu monga Chipata Central, St Francis ku Katete kapena Mwami.

Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo TB wamba amachira pa miyezi 6 munthu akamamwa osadumpha. Akakupezani ndi silicosis koma TB palibe, funsani za mankhwala oteteza ku TB, chifukwa World Health Organization imalangiza kuti odwala silicosis aziyezedwa ndi kupatsidwa chitetezo chimenechi. Ndipo chokani pafumbi. Zipsera zomwe zilipo sizichoka, koma mbali ya mapapo imene yatsala ndi yofunika kuisunga.

Chachisanu ndi chiwiri: lamulo ndi mapepala

Dziko lathu linadziwa za matendawa kalekale chifukwa cha migodi. Bungwe loyeza anthu a m'migodi linayamba mu 1945, ndipo lero ndi Occupational Health and Safety Institute ya ku Kitwe. Lamulo la Occupational Health and Safety Act la 2010 linaika pa olemba anthu ntchito udindo woteteza thanzi la antchito ndi kuwapatsa zodzitetezera, ndipo linalamula kuti pamalo pamene pali antchito 10 kapena kuposa pakhale komiti yoona za thanzi ndi chitetezo. Chipukuta misozi cha ovulala ndi odwala chifukwa cha ntchito chimayendetsedwa ndi Workers' Compensation Fund Control Board, imene likulu lake lili ku Ndola, ndipo ndalama zake amasonkha ndi olemba ntchito, osati antchito. Funsani bwana wanu ngati analembetsa. Akazemba, kafunseni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu.

M'midzi yathu muli madoda ambiri amene anagwira ntchito pansi pa nthaka ku Mufulira, Kitwe, Chingola kapena Luanshya, n'kubwerera kuno kudzalima. Ngati muli ndi atate kapena amalume otere amene akutsokomola kapena kubanika, musangoti ndi kukula. Funani nambala yawo ya kumgodi ndi mapepala awo akale, muwaperekeze kukayezedwa, chifukwa silicosis ndi TB za anthu a m'migodi zili m'gulu la matenda olipiridwa.

Ambiri a ife ndi odzilemba tokha kapena aganyu, opanda bwana woti tikamudandaulire. Pamenepa chothandiza ndi gulu. Anthu ophwanya miyala pamalo amodzi akhoza kusonkherana kugula mgolo wa madzi ndi bokosi la masiki, zimene zimatsika mtengo pogula zambiri, n'kugwirizana za malo okhala ana ndi nthawi yopakira. Magulu a banki ya m'mudzi akhoza kuika zimenezi pa ndalama zawo zadzidzidzi. Kaya muli pa ntchito yolembedwa kapena ayi, sungani m'thumba la pulasitiki kalata yokulembani ntchito, mapepala a malipiro, khadi la kuchipatala, zotsatira za X-ray ndi pepala lanu la zaka za fumbi, ndipo muzijambule pafoni. Muuze mkazi kapena mwamuna wanu, kapena mwana wamkulu, pamene mwaziika.